Nsengwa ingakweze bwanji BP ya mayi woyembekezera?

Funsoli lachokera kwa bambo wina wa ku East Bank, cha ku Makhuwira uko. Ndalifupikitsa koma mawu ndi awo: "Akazi anga anali ndi mimba yoyamba. Itakwana miyezi 7 anayamba kutupa miyendo, kenako nkhope ndi manja, mutu kuwawa osasiya. Kuchipatala anati BP yakwera kwambiri, anawabaya majakisoni matako onse awiri nkutitumiza ku boma komwe anawachita opaleshoni masiku asanakwane. Mwana ali moyo, ali pa kangaroo. Adokotala anati vuto ndi nsengwa. Koma kumudzi apongozi akuti ndine ndinawasempha, akuti ndinayenda kunja, pomwe ine sindinachite zimenezo. Nsengwa ingakweze bwanji BP? Nanga zidzachitikanso?"

Achimwene, pepani kwambiri ndi zomwe mwadutsamozi, ndipo tithokoze kuti alamu ndi kamwanako ali moyo. Ine ndagwira ntchito ku matenite zaka ndithu, zina mwa izo kuchigwa konkuno, nde nkhani ngati yanuyi sindikuyimva koyamba ayi. Adokotala aja anakuuzani zoona. Matendawa dzina lake ndi preeclampsia, akafika poti mayi wakomoka nkumaphupha ngati wakhunyu timati eclampsia, ndipo amayambira mu nsengwa. Chomwe ndikufuna muchigwiritse ndi ichi: amayamba kalekale, mimba ili ndi miyezi iwiri itatu, nthawi yomwe mwina apongoziwo anali asanauzidwe nkomwe kuti mwana wawo ali ndi pakati. Kutupa munakuona mwezi wa 7 kuja inali nkhani yoti yapsa kale.

Anthu ambiri amayesa nsengwa ndi chiwalo cha mayi. Ayi, ndi ya mwana. Dzira likakumana ndi mbewu ya bambo limagawikana mpaka kukhala kampira kakang'ono ka maselo, pakatha pafupifupi sabata imodzi kampirako kamamatirira mu chiberekero. Maselo amkati ndi omwe adzakhale mwana, akunja ndi omwe adzakhale nsengwa, amenewa timawatcha trophoblast. Ena mwa iwo amaphatikana nkusanduka chinthu chimodzi chachikulu ngati nsalu yokuta timizu tonse ta nsengwa, dzina lake syncytiotrophoblast. Nsalu imeneyi ndi yomwe imaviikidwa m'magazi a mayi, imatenga mpweya ndi chakudya kupatsira mwana, nkubweza zoipa, koma magazi a mayi ndi a mwana osasakanikirana. Ndiyonso imatulutsa hCG, chija chimapangitsa kuti kopimira mimba kaonetse mizere iwiri. Nsengwa yokhwima imalemera pafupifupi theka la kilo basi, koma mutati muyale timizu take tonse pansi mungadzaze kachipinda ka mamita atatu uku anayi uku.

Tsono pali gulu lina la trophoblast lomwe ndi mwini nkhani yathuyi. Awa sakhala mu nsengwa, amachokamo nkulowa m'khoma la chiberekero cha mayi, kukasaka timitsempha ta magazi topotanapotana ngati sipuling'i. Mwa mayi yemwe sali woyembekezera timitsempha timeneti ndi topapatiza, tili ndi minofu m'mbali yomwe imafinya kapena kumasula. Ma trophoblast aja akafika amachotsa minofuyo, nkukhala iwowo m'khomamo, ndipo kukamwa kwa mtsempha kumatambasuka kuwirikiza kasanu mwinanso kupitirira, osathanso kufinyika. Chodabwitsa nchakuti masabata oyambirira amayamba atseka kaye timitsemphato ngati chitsekero cha botolo, kamwana kamakula ndi mpweya wochepa dala poti nthawi imeneyo mpweya wambiri ungakaononge, kenako cha m'masabata 10 mpaka 12 zitsekero zija zimamasuka magazi nkuyamba kulowa. Pofika masabata 20 ntchito yambiri yokuza mitsemphayi imakhala yatha.

Inu a kuchigwa mumaudziwa Shire. Pa Kapichira paja madzi amadutsa pothina, m'miyala, ndi ukali woti simungaimepo. Koma akangotsika nkufika ku Elephant Marsh amayala, amayenda phee, ndi madzi ambiri koma odekha, nchifukwa chake kumeneko kuli madimba ndi nsomba. Mtsempha wokonzedwa bwino uli choncho, umabweretsa magazi ambiri, kumapeto kwa mimba oposa theka la lita pa mphindi iliyonse, koma amalowa mu nsengwa mofatsa nkumasambitsa timizu tija. Pa preeclampsia, makamaka yoyamba msanga ngati ya alamuyi, ma trophoblast aja salowa mozama, amangokonza pamwamba, mitsempha yambiri imatsala yopapatiza ndi minofu yake. Zimenezi anaziona pa maikulosikopu Ivo Brosens ndi anzake mu 1972. Nde magazi amalowa ngati muja mumatsinira kukamwa kwa paipi ya thiredo pampu ndi chala, madzi nkumafwamphuka mpaka kufukula mbande pa nazale. Komanso poti minofu ikadalipo, mtsempha pena wafinya pena wamasula, nsengwa pena yalandira mpweya pena yasowa, tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Nsalu ija imayamba kunyenyeka, tizidutswa take nkumagwera m'magazi a mayi. Nthawi yonseyi mayi sakumva kanthu, akupita kudimba, akutunga madzi kumjigo, olo mutamuyeza BP mwezi wachinayi mupeza ili bwinobwino.

Apa mpomwe pali yankho la funso lanu lenileni, loti kanthu kali m'chiberekero kangakweze bwanji BP thupi lonse.

Mkati mwa mtsempha uliwonse wa munthu muli kakhungu kopyapyala kwambiri, endothelium, kamene kamauza mtsempha kuti umasuke, kamaletsa madzi kudontha, kamaletsanso magazi kuundana pachabe. Kuti kakhungu aka kakhale ndi moyo wabwino kamadalira mapuloteni awiri oyenda m'magazi, VEGF ndi PlGF. Nsengwa yovutika ija imatulutsa puloteni ina yambirimbiri, sFlt-1, yomwe imagwira awiri aja ngati ukonde wa asodzi, asanafike komwe akufunika. Izi anazitulukira Sharon Maynard, Ananth Karumanchi ndi anzawo ku Boston mu 2003, ndipo atapereka sFlt-1 kwa makoswe a bere, makoswewo BP inakwera ndipo puloteni inayamba kutuluka mu mkodzo, ndendende ngati munthu. Chaka chotsatira kafukufuku wina anasonyeza kuti sFlt-1 imayamba kukwera m'magazi a mayi pafupifupi masabata asanu zizindikiro zisanaoneke. Ilipo inanso, soluble endoglin, yothandizira kuononga komweko.

Kakhungu kaja kakadwala mitsempha ya thupi lonse imafinyika, mtima ukupopa magazi omwewo m'mapaipi othina, BP nkukwera. Zina zonse munaziona zija zikuchokera pomwepo. Mitsempha ikudontha, madzi akulowa m'minofu, ndiko kutupa nkhope ndi manja mpaka mphete kukana kuvuka. Mu impso muli tisefa ting'onoting'ono, tikatupa timayamba kutaya puloteni, nchifukwa chake anamwino anaviika kapepala mu mkodzo wa alamu. Ku ubongo ndi mutu uja wosamva panado, maso kuona nyenyezi kapena chifunga, kenako kukomoka. Ku chiwindi ndi ululu wa pachifu kapena pansi pa nthiti chakumanja, umene anthu ambiri amauyesa zilonda za m'mimba nkumamwa soda kunyumba, ndipo ine umenewu ndi umene umandiopsa kwambiri chifukwa nthawi zina umatanthauza HELLP, mtundu woopsa womwe Louis Weinstein anaupatsa dzina mu 1982, pomwe maselo ofiira a magazi amasweka, chiwindi chimavulala ndipo tinthu tothandiza magazi kuundana timachepa. Mwana naye amakhala akulandira chakudya chopereweza, nde ambiri amabadwa ochepa thupi kuposa miyezi yawo, ndipo pena nsengwa imatha kumatuka mwana asanabadwe.

Mukafuna umboni woti gwero ndi nsengwa osati mwana, ilipo mimba ina yopanda mwana, m'chiberekero mumangodzaza timatuza tamadzi ngati mazira a chule, ndi maselo a nsengwa okhaokha atakula mosokonekera. Amayi otere amadwala preeclampsia, ndiponso msanga kuposa ena. A mapasa nawonso chiopsezo chawo nchokwera poti nsengwa ndi yaikulu. Ndipo nsengwa ikangotuluka, mayi amayamba kuchira, ngakhale si tsiku lomwelo. Ndiye musawadandaule madokotala kuti anafulumira ndi mpeni, mankhwala onse omwe tili nawo amangogula nthawi, chochiza ndi kuchotsa nsengwa basi. Mimba ikafika masabata 37 sitidikiranso, zikakhala zoopsa timachotsa pa 34, ndipo moyo wa mayi ukakhala pachiswe timachotsa olo asanakwane pamenepo, titabaya dexamethasone ngati nthawi ilipo kuti mapapo a mwana akhwime.

Sikuti preeclampsia yonse imayenda njira imodziyi. Ina imabwera kumapeto, mitsempha inakonzedwa bwino koma nsengwa yakula yathinana nkuyamba kutopa, kapena mitsempha ya mayi inali yofooka kale ndi BP yakale, shuga, kunenepa kwambiri, matenda a impso kapena msinkhu wopitirira zaka 40. Yotere kawirikawiri mwana amakhala wonenepa bwino. Koma ya mwezi wa 7 ngati ya kwanuyi imakhala ya mitsempha ija.

Tsopano za tsempho. Ine akuluakulu athu sindiwanyoza, maso awo anaona zoona, kuti mayi wapakati akatupa nkhope imfa ili pafupi, ndipo anafuna chifukwa chake ndi zomwe anali nazo. Koma taonani nthawi yake achimwene, mitsempha ija inalephera kukonzeka mimba ili yaing'ono, mkati mwa khoma la chiberekero, pakati pa maselo ndi maselo. Palibe chomwe mwamuna angachite kunja, kapena mchere womwe wina angathire mu ndiwo, chomwe chingakafike kumeneko nkukauza trophoblast kuti usalowe mozama. Matenda omwewa amagwira amayi ku London, ku Mumbai, ku Lilongwe, pa dziko lonse ndi amayi awiri mpaka 8 pa 100 aliwonse oyembekezera, ndipo matenda a BP pa mimba ali m'gulu la zinthu zikuluzikulu zopha amayi pamodzi ndi kutaya magazi ndi kuola kwa m'chiberekero.

Mbali ya bambo ilipo koma si imene apongozi akunenayo. Poti nsengwa ndi ya mwana, theka la chibadwa chake ndi la inu. Ma trophoblast aja amanyamula chizindikiro china, HLA-C, ndipo m'khoma la chiberekero mumakhala asilikali a thupi la mayi, ma NK, omwe amachiwerenga ndi tizingwe tawo totchedwa KIR. Asilikali amenewa pa mimba ntchito yawo si kupha, amathandiza kukonza mitsempha ija ndi kulondolera alendowo kuti alowe mpaka pati. Mitundu ina ya KIR ya mayi ikakumana ndi mtundu wina wa HLA-C wa mwana, ntchito imayenda mwaulesi. Izi anazifufuza kwambiri Ashley Moffett wa ku Cambridge, ndipo Annettee Nakimuli wa ku Makerere anazifufuza mwa amayi a ku Uganda, anthu akuda ngati ife tomwe. Nde ndi nkhani ya chibadwa cha anthu awiri mmene chakumanirana, chomwe inu simunasankhe, alamu sanasankhe, ngati mmene simunasankhire mtundu wa magazi anu. Mimba yoyamba ndiyonso imagwidwa kwambiri, ndipo mayi yemwe mayi ake kapena mchemwali wake anadwalapo amakhala pachiopsezo chokulirapo.

Chinthu china chomwe ife a kuchigwa sitingachilumphe ndi malungo. Maselo ofiira omwe ali ndi tizilombo ta malungo amakakamira pa nsalu ija ya syncytiotrophoblast, pali puloteni ya tizilomboto yotchedwa VAR2CSA yomwe imagwira pamenepo ngati ulimbo, nde nsengwa imatha kudzaza malungo mayi asakumva kutentha thupi kulikonse. Ovutika kwambiri ndi a mimba yoyamba omwewo poti thupi silinaphunzire kulimbana nazo. Ku Muheza ku Tanzania, kafukufuku wa mu 2006 anapeza kuti atsikana a mimba yoyamba omwe nsengwa zawo zinali ndi malungo ankapezeka ndi BP yokwera kawirikawiri kuposa anzawo komanso sFlt-1 yambiri. Ndikamaona mayi akulandira fansida kusikelo nkukamutaya kuseri kwa chimbudzi poti amamuchititsa chizungulire, kapena neti ili kudimba ikutchinga mbande, mtima umandiwawa zedi. Fansida amayamba pa masabata 13, mwezi ndi mwezi, osachepera katatu, kupatula omwe akumwa bactrim tsiku lililonse.

Majakisoni a m'matako aja ndi magnesium sulphate. Amapereka magalamu 4 pamtsempha ndi 5 thako lililonse, kenako 5 maola anayi alionse kwa maola 24. Amawawa, thupi limatentha, koma ndi omwe anateteza alamu kuti asakomoke pa msewu uja. Kafukufuku wa Magpie wa mu 2002, wa amayi oposa 10,000 m'maiko 33, anasonyeza kuti amachepetsa kukomoka ndi kupitirira theka. Iwowo satsitsa BP kwenikweni, yotsitsa ndi hydralazine, nifedipine ndi methyldopa uja ambiri amati aldomet. Namwino yemwe anabaya asanakutumizeni anachita ntchito yake bwino kwambiri.

Zidzachitikanso? Zitha kutero, sindikubisirani, koma ambiri sizibwerera. Mwa amayi onse omwe anadwalapo, pafupifupi mmodzi pa 6 amadwalanso mimba yotsatira, koma kwa omwe anabereka pakati pa masabata 28 ndi 34 ngati alamu ndi pafupifupi mmodzi pa atatu. Ndipo apa mpomwe nkhani yonse ya maselo ija ikugwira ntchito, chifukwa ngati vuto limayamba miyezi itatu yoyambirira ndiye kuti chitetezo chiyenera kuyamba nthawi yomweyo. Asipirini wochepa mphamvu, wa 75 mg yemwe WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, imalimbikitsa, amayenera kuyambidwa cha pa masabata 12, asanakwane 16 ndiye bwino koposa. Kafukufuku wa ASPRE mu 2017 anapereka 150 mg usiku uliwonse kuyambira masabata 11 mpaka 14 kukalekeza pa 36, ndipo preeclampsia yobadwitsa mwana masiku osakwana inatsika ndi 62 pa 100. Koma chonde asakagule asipirini wa mutu pagolosale, uja ndi 300 mg, mlingo akaupereke ndi a chipatala. Kashiamu nayenso amathandiza kwa anthu omwe chakudya chawo chilibe kashiamu wokwanira, WHO imati galamu imodzi ndi theka mpaka awiri patsiku, ndipo usipa ndi matemba odya ndi minga yomwe, chisoso, bonongwe, mkaka ukapezeka, zonsezi nzowonjezera. Kusiya mchere kokha sikuteteza matendawa, ngakhale mchere wambiri ndi woipa kwa BP ya munthu aliyense.

Vuto lathu ndi mwambo wobisa mimba. Kuno mayi amayamba sikelo mimba itaonekera, miyezi 5 kapena 6, kuopa anthu oipa kapena kuopa mtunda ndi dzuwa la Okutobala, nde pofika nthawi imeneyo mitsempha ija inaumbika kale mmene inaumbikiramo, asipirini wachedwa. Ulendo wina alamu akangodumphitsa mwezi umodzi apite, atenge buku lawo lakuchipatala lomwe alembamo za opaleshoniyi, anene poyera kuti mimba yoyamba BP inakwera ndipo mwana anabadwa pa miyezi 7. Atha kubisira mudzi wonse koma osati namwino. Masiku ano sikelo ndi maulendo 8, ndipo ulendo uliwonse awayeze BP ndi mkodzo, makina akakhala kuti afa mabatire afunse komwe angakayezetse, asangobwerera. Nambala zoti muzisunge pamtima ndi 140/90, apo pavuta, ndi 160/110, apo ndi zothamangira usiku womwewo olo pa kabaza. Komanso dikirani zaka ziwiri kuti bala la chiberekero lipole, njira zolera zilipo, ndipo mimba yotsatirayo adzachirire ku chipatala chokhala ndi fiyeta, mwanamphepo asadzamuyandikire nkomwe poti pa chiberekero chosokedwa amatha kuching'amba.

Inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene msewu wa East Bank umakhalira mvula ikagwa, mitsinje yochoka m'mapiri a Thyolo ikadzaza palibe ambulansi imadutsa, tinaziona mu Januwale 2015, pa namondwe wa Ana mu 2022, pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 pomwe madera ngati Makhanga anasanduka chilumba. Ngati masiku ochira adzagwere pakati pa Disembala ndi Malichi, alamu adzapite kuchidikiro msanga, ufa ndi nkhuni mudzakonzeretu.

Koma za panopa ndi zomwe zikundidetsa nkhawa kwambiri, chifukwa anthu amayesa mwana akabadwa zatha. BP imakonda kukweranso pakati pa tsiku lachitatu ndi la 6 mayi atachira, ndipo kukomoka kutha kubwera ali kunyumba, mpaka masabata 6. Mapiritsi omwe awapatsa amwe onse, sawononga mkaka, asasiye poti akumva bwino. Mutu ukayamba kuwawa kwambiri, maso kuchita chifunga, pachifu kuwawa, kapena kubanika akagona, musadikire kuti kuche ndipo musayambe mwapita kwina. Pakatha masabata 6 akayezetsenso BP ndi mkodzo, ndipo kuyambira pano chaka chilichonse aziyezetsa, poti mayi yemwe anadwala preeclampsia chiopsezo chake cha sitiroko ndi matenda a mtima m'tsogolo chimakhala chokwera pafupifupi kawiri kuposa anzake, ndipo cha BP yokhalitsa chimapitirira pamenepo. Ngati adzapatsidwe mankhwala a BP okhalitsa monga enalapril kapena captopril, adzanene akafuna mimba ina kuti awasinthire, amenewo amaononga impso za mwana m'mimba.

Tsiku la masabata 6 limenelo atengeni apongozi mupite nawo limodzi, ngati nkotheka ndi ankhoswe omwe. Mumupemphe namwino kapena dokotala awafotokozere yekha za nsengwa, buku lili pamanja, iwo akuona nambala zomwe zinalembedwa usiku uja. Mawu omwewo akachoka pakamwa pa mkamwini amamveka ngati kudziteteza, nde asiyeni achoke kwa yemwe wavala yunifomu, ndipo ngati alamu ali ndi ang'ono awo omwe sanayambe kubereka, apongoziwo auzidwe pomwepo kuti amenewonso adzafunika kuyamba sikelo mwezi wachiwiri kapena wachitatu.